Anaika mkazi wake ku Nebraska n'kusamuka: mtima wotere timautcha chiyani?

NaBanda_Lincoln analemba:

Abale, ndabwera ndi nkhani ya azungu akalekale, musandiseke. Yandisowetsa tulo sabata yonse.

Ndimakhala ku Lincoln, m'chigawo cha Nebraska, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, yausiku. Mwana wanga wamkazi ali mu giredi 4, kalasi imene ana kuno amaphunzira mbiri ya chigawo chawo. Loweruka lapitali ndinali pa ofu, ndiye anandikakamira kuti tipite ku Beatrice, mamailosi pafupifupi 40 kumwera kwa Lincoln, pa msewu wa 77. Kumeneko kuli paki yotchedwa Homestead National Historical Park, pamalo amene anali munda wa bambo wina, Daniel Freeman.

Nkhani yake ili chonchi. Pa 20 Meyi 1862 pulezidenti wa America Abraham Lincoln anasaina lamulo loti munthu aliyense wa zaka 21 kapena mutu wa banja, ngakhale mkazi, atha kutenga maekala 160 a malo aboma. Umalipira madola 18 onse pamodzi, kumanga nyumba, kulima, kukhalapo zaka zisanu, kenako kubwera ndi mboni ziwiri, basi malo ndi ako. Lamulolo linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1863, ndipo nkhani imene amakamba ndi yoti Freeman ananyengerera kalaliki wa ofesi ya malo ku Brownville kuti amutsegulire pakati pa usiku, chaka chitangolowa. Pepala lake pa ofesiyo linali nambala 1. Pofuna kuti mumvetse kukula kwa ekala, malo oimika magalimoto papakipo anawayeza kuti akhale ekala imodzi ndendende. Ndinaima pakona pake n'kuchulukitsa ka 160 m'mutu. Ine amene ndinakulira pa maekala awiri a agogo ku Dedza ndinangoti pakamwa yasaa.

Manda a Freeman ali pamunda pomwepo, pamodzi ndi a mkazi wake Agnes. Iye anamwalira pa 30 Disembala 1908 ali ndi zaka 82, Agnes mu 1931. Chiliza chabwino, udzu wometa, alendo akujambula. Pamenepo mtima wanga unali m'malo. Munthu walima, wakalamba, wagona m'munda wake, mkazi wake pambali. Ndi mmene ziyenera kukhalira.

Vuto linayamba ndi mayi wina wogwira ntchito pamalopo. Ataona kuti ndikufunsa zambiri, anandiuza kuti Freeman anali wamwayi: malo ake anali ndi mtsinje wa Cub Creek ndi mitengo, choncho anamanga nyumba ya mitengo. Anati ngati ndikufuna kumva za anthu wamba ndikawerenge makalata a banja la Oblinger, ali pa intaneti. Ndawawerenga pafoni usiku kuntchito, agogo anga onse atagona.

Uriah Oblinger anamenya nawo nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ndipo atabwerako ankalima minda yobwereka ku Indiana. Chakumapeto kwa 1872 ananyamuka pa ngolo ndi alamu ake awiri, Giles ndi Sam Thomas, kupita m'boma la Fillmore kuno ku Nebraska. Mkazi wake Mattie ndi kamwana kawo Ella anawasiya kwawo. Mu Epulo 1873 kunagwa chimphepo cha sinowo chimene chinayamba pa Isitala n'kuomba masiku atatu, kupha anthu ndi ziweto. Iye anapulumuka, ndipo patangopita masabata ochepa Mattie anafika, n'kulowa m'nyumba ya zibuma za udzu.

Mayi ameneyu ndi amene wandigwira mtima. Ndimayembekeza madandaulo, koma ayi. Analembera abale ake kuti mwina akuganiza kuti akuvutika chifukwa akukhala m'nyumba yadothi, koma iye sanasangalalepo chonchi, chifukwa thukuta lililonse limene akukhetsa ndi lawolawo, palibenso kugawana theka ndi mwini munda. Amene munakhalako ndi achibale pa utenanti wa fodya ku Kasungu mawu amenewo mukuwamva kukoma kwake. Amalemba za nkhuku, za dimba, za mbewu zimene akufuna amutumizire m'kalata, za ana amene anabadwira konko, Stella ndi Maggie. Ukamawerenga umachita kumuzolowera ngati mnansi wa kuseri kwa mpanda.

Kenako kalata ya pa 27 Febuluwale 1880, yolembedwa ndi Giles, mlongo wake wa Mattie. Akuti matenda a uchembere anayamba Lachiwiri cha m'ma 4 koloko madzulo, pofika 8 koloko anayamba kuphupha mwadzidzidzi, ndipo sanayankhulenso. Madokotala anachita kumuchotsa mwana. Mattie anamwalira Lachisanu, mwananso anali atafa, ndipo anati awaika limodzi Lamlungu. Giles akuti Uriah sakanatha kugwira cholembera. Mayiyu anali asanakwanitse zaka 40. Ndinalira m'chipinda chochapira zovala kuntchito, mnzanga wa ku South Sudan mpaka anaganiza kuti kumudzi kwachitika maliro.

Koma pano ndi pamene pali funso langa. Pasanapite nthawi Uriah anatenga ana atatu aja n'kupita ku Minnesota. Mu 1881 anakwatira mkazi wina, Laura Bacon. Kenako Kansas, kenako Missouri, kenako kubwereranso ku Nebraska, n'kumwalira mu 1901. Malo amene mkazi wake anawakonda chotere, amene anagonekapo mutu, iye anawafulatira. Ife kuno mwezi uliwonse timasonkha ndalama m'gulu lathu kuti wina akatisiya thupi lake likwere ndege. Iwo amasiya manda m'tchire la udzu ngati wasiya khasu lothyoka. Kodi unali mtima wouma, kapena pali chimene sindikuchiona?

Mlimi_wa_mu_Labu anayankha:

Achemwali, ine ndikuphunzira za nthaka pa yunivesite ya konkuno ku Lincoln, ndiye ndiyankha ngati mlimi, za mtima ndisiyira ena.

Choyamba nyumba ija. Musaganize mdindo wathu kapena njerwa zosaotcha. Udzu wa kuchidikha kuno uli ndi mizu yolukana ngati mphasa. Ankadutsa ndi pulawo yodula mizere, kutembenuza chibuma chachitali, n'kuchidula zidutswa ndi fosholo: mulifupi pafupifupi phazi limodzi, kuchindikala mainchesi anayi, kutalika mapazi awiri kapena atatu. Ankasanja udzu utayang'ana pansi, khoma n'kunenepa mapazi awiri kapena kuposa. Nyumba imodzi inkadya pafupifupi ekala ya udzu. M'nyengo yozizira munkafunda, m'chilimwe munkazizira bwino, moto wolusa wa m'tchire sunkaigwira. Koma denga! Mvula ikagwa kwambiri kunja n'kusiya, m'nyumba imapitirira kudontha matope masiku ena. Amayi ankakhoma nsalu kudenga kuti dothi, mbewa ndi njoka zisagwere m'mbale. Nkhuni kunalibe. Ankakoleza ndowe zouma za njati ndi ng'ombe, zitsononkho, ndi udzu wopota. Mufufuze zithunzi za Solomon Butcher, amene anayamba kujambula mabanja a m'boma la Custer mu 1886. Pali chimodzi chimene banja linatulutsa limba lawo n'kuliika panja pafupi ndi khola, kuti abale akumudzi aone limbalo, asaone nyumba. Anthu ndi amodzi ponseponse, ifenso timajambulitsa titatsamira galimoto ya eni.

Chachiwiri dzombe. Mu Julayi ndi Ogasiti 1874, Mattie atangokhala chaka chimodzi, linabwera lophimba dzuwa. Linadya chimanga, anyezi ali m'nthaka momwemo, makungwa a mitengo, mpaka zovala zoyanika. Chaka chotsatira dokotala wina wa ku Plattsmouth, Albert Child, anayerekeza kuti chigulu chimodzi chinali chotalika mamailosi 1,800, mulifupi 110. Asilikali anachita kugawa chakudya ndi zovala. Mu 1877 Nebraska inakhazikitsa lamulo loti anthu a zaka 16 mpaka 60 azigwira masiku awiri kupha dzombe likamaswa, wokana alipire madola 10. Chodabwitsa n'chakuti mtundu wa dzombe limenelo unatheratu. Lomaliza lamoyo linagwidwa mu 1902 ku Canada.

Tsono yankho langa. Malo anali aulere, koma ng'ombe kapena akavalo okoka pulawo, mbewu, chitsime, chitofu, mawindo, zonsezo zinkafuna ndalama, ndipo pakati pa anthu amene analembetsa malo m'dziko lonse, ambiri sanafike potenga chikalata cha umwini. Munda wotere unkayenda ndi anthu awiri. Bambo ali kumunda kuyambira m'bandakucha. Mayi ndiye akukama, akupanga batala, akusunga nkhuku, akulima dimba, akusoka, ndipo batala ndi mazira ndi zimene ankasinthanitsa ndi shuga, khofi ndi nsalu kugolosale tirigu asanache. Mattie atamwalira theka la famu linafa naye. Bambo mmodzi, ana aakazi atatu, wamkulu wa zaka pafupifupi khumi, mnansi ali kutali. Akapita kumunda wamng'ono atsala ndi ndani, chitofu chili moto? Sindikuti anali mngelo, koma ndikanakhala ine sindikuona kuti ndikanapirira nyengo ziwiri.

Chikoti_wa_ku_Joni anayankha:

Dzombe lophimba dzuwa anthu n'kumalira njala? Akanangoitana amayi anga ndi chiwaya ndi mchere, nkhani ikanatha sabata imodzi.

Mlimi_wa_mu_Labu anayankha:

Achimwene mukuseka koma analipo amene anaganiza ngati inu. Charles Riley, katswiri wa tizilombo wa boma la Missouri, analiphika, kulikazinga, kupangira msuzi, n'kuuza anthu kuti ndi ndiwo. Ambiri anangoipidwa nazo.

Mzamba_Leeds anayankha:

NaBanda mwana wanga, ine ndaima pa kalata ya Giles ija. Ndakhala mzamba zaka zambiri, kumudzi ndi kuno ku England, ndipo mmene mwafotokozera ndachita kuona wodiyo ndi maso. Mayi woyembekezera amene wayamba kuphupha mwadzidzidzi ali pa matenda, osadzukanso, ife timaganiza kaye za eclampsia. Sindingapime munthu wa mu 1880, koma chithunzi chake ndi chimenecho. Imayamba ndi kuthamanga kwa magazi mimba ikapitirira masabata 20. Zizindikiro zimakhalapo: mutu wosamva mankhwala, kuona tinyenyezi kapena chimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kupweteka pansi pa nthiti kumanja. Koma mayi wa pafamu amene akutunga madzi ndi kukama ng'ombe mu Febuluwale wa ku Nebraska angauze ndani kuti mutu ukuwawa? Amangomanga mpango n'kupitiriza. Amayi athu amachitanso chimodzimodzi mpaka lero, ndipo ndimakalipa nazo tsiku lililonse.

Madokotala aja musawaweruze. Kachipangizo koyezera BP kokulunga pamkono kanabwera mu 1896, Mattie atagona kale zaka 16. Magnesium sulphate, amene ife timabaya kuti kuphupha kuleke, anayamba kugwiritsidwa ntchito pa matendawa m'zaka za m'ma 1900 zitayamba. Chimene ankadziwa n'chakuti mwana atuluke, ndipo pamenepo sanalakwe, mpaka pano mankhwala enieni ndi kubereka. Anangochedwa ndi zaka makumi angapo.

Za mwamunayo ndinena chimodzi. Ndaona abambo ambiri atakhala pabenchi kunja kwa wodi atauzidwa. Ena amalira mokuwa, ena amangoti duu n'kufunsa za bilu. Amene amangoti duu aja si kuti samva. Munthu amene analephera kulemba kalata kwa apongozi ake, pomwe kwa zaka anali wokonda kulemba, ameneyo sindingamutche wouma mtima. Nyumba ya chipinda chimodzi imene mkazi wako waphuphiramo masiku atatu, ana akuona, bedi lake lomwelo, ungagonemo mpaka liti?

Gogo_Chisale_Omaha anayankha:

Mayi NaBanda, ndiyambe ndi kukusekani pang'ono, pajatu mwati ndinu a ku Dedza. Kwanuko mkazi akamwalira mkamwini amatani? Amamanga nyumba pamanda? Maliro akatha, kumeta kukachitika, amamusudzula, anyamule nkhwangwa yake azipita kwawo, akakwatirenso. Manda amatsala ndi eni mbumba. Ndipo taonani amene analemba kalata ya maliro: Giles, mlongo wake wa malemu, atsibweni a anawo. Mwini mbumba analipo pamalopo. Mwa chikhalidwe chanu chomwe Uriah sanalakwe kuchoka. Mlandu umene akuluakulu akanamuzenga ndi wotenga ana, osati wosiya manda.

Koma ine chimene chikundikhudza ndi china. Ndakhala ku Omaha zaka zoposa makumi awiri, ndipo mawu akuti malo aulere amandiyabwa. Anali a ndani boma lisanayambe kugawa? Dera la Beatrice kumene mwapitako linali la a Otoe ndi a Missouria, mitundu ya mbadwa za dziko lino. Pangano la 1854 linawalanda malo ambiri n'kuwapanikiza pa kachigawo ka m'mbali mwa mtsinje wa Big Blue, ndipo mu 1881 anawasamutsira kumene lero ndi Oklahoma. A Pawnee, amene ankalima chimanga, nyemba ndi maungu m'mphepete mwa mitsinje ya Loup ndi Platte mzungu asanaponde, anasamutsidwa pakati pa 1873 ndi 1875, zaka zomwezo Mattie akulemba kuti thukuta lake ndi lakelake. Anthu amene anali oposa 10,000 m'zaka za m'ma 1830 anatsala osakwana 700 pofika 1900. Amenewo manda awo sanawasiye mwakufuna.

Ngati mukufuna munthu wa mtima ngati wanu pa nkhani ya manda, alipo, koma si mzungu. Mu 1877 boma linathamangitsa a Ponca kuchoka ku mtsinje wa Niobrara, kuwayendetsa mpaka ku Oklahoma. Ambiri anafera m'njira ndi kumeneko. Mfumu yawo ina, Standing Bear, anataya mwana wake wamwamuna, ndipo mnyamatayo asanatsirizike anapempha kuti akamuike kwawo. Mu Januwale 1879, kuzizira kuli pachimake, bamboyo ananyamula mafupa a mwana wake pa ngolo ndi anthu pafupifupi 30, kulunjika kumpoto. Asilikali anawagwira n'kuwatsekera ku Fort Omaha, malo amene ndimadutsa popita kuntchito. Mlandu unalowa m'khoti, boma likunena kuti mbadwa ngati iyeyo si munthu woti n'kusuma. Pa 12 Meyi 1879 jaji Elmer Dundy anagamula kuti ndi munthu pamaso pa lamulo, amasulidwe. Anakaika mwana wake ku Niobrara. Apo n'kuti kwatsala miyezi isanu ndi inayi kuti Mattie amwalire.

Chiboliboli chake chili mu Lincoln momwemo, pa Centennial Mall, kufupi ndi nyumba ya malamulo. Mwina mumachidutsa pa basi. Mwanayo mupite naye kumenekonso, asangodziwa Freeman yekha.

Sindikuda Mattie ayi. Anali wosauka wofuna pogona, ndipo amene ankasaina mapangano ndi kugawira makampani a njanji malo ambirimbiri sankagona m'nyumba za zibuma. Koma munthu ngati Uriah, amene wafika pamalo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, abale ake ali kutali, agogo ake anagona kwina, mizu yake ili pati? Kusamuka anali atakuzolowera kale. Standing Bear anali ndi mibadwo m'nthaka imeneyo.

NaBanda_Lincoln anayankha:

Agogo, mwandigwira pakamwa. Za kusudzula ndinaziiwaliratu, chonsecho bambo anga aang'ono anasudzulidwa ine ndikuona, anachoka ndi njinga ndi wailesi basi, ndipo palibe anawatcha ouma mtima. Ndimayeza mzungu ndi muyeso umene kwathu sitiyezera mkamwini. Komabe pa ana paja sindikugwirizana nanu. Kwathu akanatsala ndi azakhali ndi agogo, nyumba zili mpanda umodzi. Kuchidikha kuja akanawasiyira ndani? Bola anawatenga.

Chiboliboli chija ndimachidziwa, bambo wotambasula dzanja uja. Zaka zinayi ndikumudutsa, ndimangoti ndi mfumu ina yake. Ndachita manyazi.

Amayi a ku Leeds, zikomo. Pali mtsikana wa ku Congo amene timagwira naye shifiti, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mphete inasiya kulowa ndipo sabata yatha amadandaula mutu. Dzulo usiku ndinamukhazika pansi n'kumuyeza ndi makina a agogo athu. Manambala sanandisangalatse, ndiye ndinamuimbira mwamuna wake 3 koloko ya usiku kuti abwere apite naye kuchipatala. Anamugoneka. Mwamunayo anabwera atavala jekete pamwamba pa zogonera, akundiyang'ana ngati ndamulodza.

Achimwene a mu labu, ndaona pa mapu kuti Fillmore si kutali, ola limodzi ndi pang'ono kumadzulo. Mwana wanga wandionetsa kuti matauni a m'njanji ya Burlington anawatcha motsata alifabeti: Crete, Dorchester, Exeter, Fairmont, Grafton, Harvard. Akufuna tikawawerenge mmodzimmodzi. Ofu yanga ikubwerayi tipita ku Geneva, likulu la bomalo, tikafunse za manda akale. Ngati muli omasuka tiyeni, mafuta ndi anga, inu mukatilozere udzu umene ankadula zibuma uja.

Pobwerera ku Beatrice tsiku lija, tili pa msewu wa 77, minda ya chimanga mbali zonse, mwanayu anandifunsa m'Chingerezi chake chija kuti, "Mami, inuyo mukadzamwalira tidzakuikani kuno kapena ku Dedza? Chifukwa ine ku Dedza sindidziwako njira." Ndinamuuza kuti amange lamba bwinobwino, ndipo ndinakweza wailesi.